OK, Cancel ndi Apply: mmene mabataniwa ayenera kugwirira ntchito m'kabokosi ka Settings

Tsegulani kabokosi ka Settings ka pulogalamu imene mukupanga. Sinthanimo zinthu ziwiri, dinani Apply, sinthaninso chachitatu, kenako dinani Cancel. Musanatsegulenso kabokosiko, nenani mokweza zimene zasungidwa ndi zimene zatayidwa. Ngati inu eni ake a pulogalamuyo mwayamba mwakanda m'mutu, ganizirani za kalaliki amene adzayigwiritse ntchito kumapeto kwa mwezi, mzere wa anthu utafika pakhomo.

Yankho loyenera ndi lakuti ziwiri zoyamba zija zakhala, chachitatu chatayidwa. Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a m'maofesi ang'onoang'ono, monga owerengera katundu m'sitolo ndi osunga za fizi kusukulu, komanso ndimaunika ntchito ya achinyamata amene angoyamba kumene. Chimene ndimawabwezera kawirikawiri si masamu ovuta ayi. Ndi timabatani titatu ta m'munsi mwa kabokosi, timene aliyense amatiika pomaliza, atatopa kale, akuyesa kuti palibe choganizirapo. Komatu batani lililonse pamenepo limamulonjeza munthu zinthu ziwiri: nthawi imene kusintha kwake kuyambe kugwira ntchito, ndiponso ngati angathe kubwerera. Likamunamiza kamodzi, munthu uja amayamba kuiopa Settings yonse, ndipo adzakuimbirani foni ngakhale pofuna kungosintha printa.

Yambani mwasankha: kudikira kapena pompopompo

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yodikira: munthu amasintha zimene akufuna, koma palibe chimene chimachitika kufikira atadina OK kapena Apply. Ambirife tidakulira imeneyi pa Windows, kumene mabatani atatu aja adazika mizu kuchokera pa Windows 95. Yachiwiri ndi ya pompopompo: ukangokhudza chinthu, chasintha, palibe OK woti udikire. Makompyuta a Apple amachita chomwechi m'malo ambiri a Settings, a GNOME, okonza maonekedwe a sikirini ya makompyuta a Linux, adailemba njirayi m'malangizo awo mu 2002, ndipo mafoni a Android ndi iPhone ndi mmene amayendera. Microsoft nayo idasunthira komweko. Settings ya Windows 10, imene idatuluka mu 2015, imasintha zambiri nthawi yomweyo, pamene Control Panel yakale ikadali ndi OK, Cancel ndi Apply m'kompyuta yomweyo.

Pompopompo imayenera pamene chinthu chaima pachokha, zotsatira zake zikuoneka ndi maso, ndipo kubweza n'kungochikhudzanso. Kukula kwa zilembo, sikirini yakuda kapena yoyera, kulira kwa foni uthenga ukafika. Kufuna OK pa zoterezi n'kumuvutitsa munthu chabe.

Kudikira kumafunika pamene zinthu zingapo zimadalirana. IP address, subnet mask ndi gateway, manambala atatu olumikizira kompyuta ku netiweki, zimayendera limodzi. Mukasunga imodzi yokha, kompyuta yaduka pa netiweki munthu asanamalize kulemba zinazo. Kumafunikanso pamene kusinthako kukhudza anthu ena, monga gawo la msonkho limene lituluke pa malisiti a matilu onse m'sitolo. Ndipo samalani kwambiri ndi manambala olemba ndi zala. Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu ili ndi malo olembamo masiku osungira ma backup, makope a chitetezo a zolemba zanu, ndipo muli 30. Munthu akufuna 90, ndiye afufuta 3 kuti alembe 9. Kwa kanthawi kochepa m'malomo mwatsala 0. Pulogalamu imene imasunga pa chilembo chilichonse imva kuti ma backup asungidwe masiku 0, ndipo ngati ntchito yochotsa akale ikuyenda nthawi imeneyo, onse apita. Choncho ngakhale mwasankha pompopompo, zolembalemba muzizisunga munthu akachoka m'malomo kapena akadina Enter, ndipo muyambe mwaunika kuti nambalayo ndi yomveka.

Choipa kuposa zonse ndi kusakaniza. Ndimakumana nako kwambiri: kabokosi kali ndi OK ndi Cancel m'munsi, koma timaswichi tina ta m'katimo timasunga tokha tikangokhudzidwa. Munthu adina Cancel, zina zabwerera, zina zakhala, ndipo palibe chomuuza kuti ziti. Mukasankha pompopompo, chotsani OK ndi Cancel, musiye Close yekha kapena X wa pamwamba. Mukasankha kudikira, chilichonse m'kabokosimo chidikire. Maonekedwenso amalankhula. Kaswichi kotsetsereka kamamuuza munthu kuti chinthu chiyaka pompano, ngati swichi ya pakhoma, pamene malo ochonga amamuuza kuti akudzaza fomu imene adzaipereke akamaliza. Musaike kaswichi pamwamba pa batani la Save.

Ngati tsamba lanu ndi la pompopompo koma muli gulu limodzi la zinthu zodalirana, lipatuleni likhale ndi kabokosi kakekake kokhala ndi Save wake. Amene mudaikapo APN pa foni ya Android kuti intaneti iyambe mukudziwa: Settings yonse imasintha pompopompo, koma pamenepo mumalemba zonse kenako n'kusunga kamodzi.

Gwirani ntchito pa kope

Mukasankha njira yodikira, zambiri zimakonzeka ndi chizolowezi chimodzi cholembera code. Kabokosi kakamatseguka, tengani zosankha zimene zilipo, pangani kope lake, ndipo zonse zimene munthu akusintha zizilembedwa pa kopelo. Zenizeni zisakhudzidwe. Telala amayamba walemba ndi choko pansalu, ndipo choko chimafufutika. OK ndiye sizasi. Amene Cancel wawo amanama nthawi zambiri ndi oti adalumikiza malo olembamo mwachindunji ku zosankha zenizeni, kenako n'kumasunga mndandanda wa zoti adzabweze munthu akadina Cancel. Tsiku lina mnzawo awonjezera chosankha chatsopano, aiwala kuchiika pa mndandanda uja, basi zavuta. Mukakhala ndi kope, ntchito ya Cancel ndi kutaya kopelo, ndipo sangaiwale kanthu.

Batani la OK lichite zinthu zitatu motsatana: liunike, lisunge, litseke. Likapeza cholakwika, lisatseke ndipo lisasunge kalikonse. Limutengere munthu pa tsamba limene pali vutolo, limuonetse malo enieniwo, linene chimene chalakwika m'mawu omveka, monga akuti masiku ayenera kukhala pakati pa 1 ndi 365. Zina zonse zimene walemba zikhale mmene zinalili. Kufufuta fomu yonse chifukwa cha malo amodzi olakwika ndi nkhanza, ndipo ndimaibweza ntchito yotero osawerenganso kutsogolo.

Kusungako kuchitike kwa zonse pamodzi kapena kusachitike n'komwe. Kwathu kuno magetsi amatha kuzima uli pakati pa chiganizo, ndipo makompyuta ambiri a m'maofesi alibe batire. Ngati mukusunga mu database, kulungani zonse mu transaction imodzi, mtolo umene umasungidwa wonse kapena kulephera wonse. Ngati ndi mu fayilo, lembani yatsopano pambali, ikatha bwinobwino muisinthe dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale. Mukalemba pamwamba pa yakale mwachindunji, magetsi n'kuzima, mawa pulogalamu idzakana kutseguka chifukwa fayilo yake yaduka pakati.

Munthu akadina OK asanasinthe kanthu, ingotsekani. Ambiri amatsegula Settings kuti angoona, ndipo amatulukira pa OK chifukwa ndi batani limene dzanja lazolowera. Musawafunse pasiwedi ya bwana, musawauze kuti azimitse ndi kuyatsanso kompyuta.

Tsopano Cancel. Lonjezo lake ndi lolemera kuposa onse: zinthu zikhala ngati kabokosiko sikanatsegulidwe. Pali malo atatu amene lonjezoli limadonthera, ndipo onse ndi obisika.

Oyamba ndi pamene mukumuonetsa munthu zotsatira asanasunge. Akasankha mtundu wina, pulogalamu yonse imasanduka kuti aone. Zimenezi n'zabwino, koma akadina Cancel mtundu wakale ubwerere pompo, osati mawa akadzatsegulanso pulogalamu.

Achiwiri ndi kabokosi kotseguka kuchokera m'kabokosi kanzake. Muli mu Settings, mwadina Advanced, mwasintha zina, mwadina OK m'kabokosi kakang'onoko, kenako mwabwerera n'kudina Cancel m'kachikulu. Munthu wamba amayembekeza kuti zonse zatayidwa, ndipo sakulakwa. OK wa kabokosi kakang'ono alembe pa kope lomwe lija, asalembe ku zenizeni. Pamene zimenezi sizingatheke, batani la m'kabokosi kakang'onoko linene poyera kuti likusunga pompano.

Achitatu ndi mabatani ochita ntchito amene timawalowetsa mu Settings chifukwa chosowa kowaika: kufufuta mbiri, kuchotsa dzina la wantchito, kuyeretsa database. Amenewa sadikira OK, ndipo Cancel sangawabweze. Windows ili ndi njira yake yakalekale pa zimenezi, imene olemba mapulogalamu ambiri saidziwa: chinthu chosabwezeka chikachitika m'kabokosi ka masamba, pulogalamu imatha kutumiza uthenga wotchedwa PSM_CANCELTOCLOSE, ndipo Cancel amatuwa, OK n'kusanduka Close. Kaya mukugwiritsa ntchito chida chanji, nzeru yake ndi yomweyo. Cancel akaleka kukhala woona, muchotseni pamaso pa munthu.

X wa pakona ndi batani la Esc zichite chimodzimodzi ndi Cancel. Zisasunge mwakachetechete. Funso limatsala ndi lakuti, mumufunse munthu asanataye zimene walemba? Ine ndimasiyanitsa. Amene wadina Cancel ndi dzanja lake wanena kale chimene akufuna, ndipo kumufunsanso n'kumukayikira. Koma Esc amadinika mwangozi, ndipo pa foni chala chimatha kutsetserekera pa batani lobwerera. Ngati munthu walemba zambiri, monga mawu a pamutu pa lisiti kapena mndandanda wa makalasi, mufunseni, ndi mabatani atatu monga amene Word imaonetsa potseka kalata yosasungidwa: kusunga, kusasunga, ndi kubwerera ku ntchito. Ngati wangochonga malo amodzi, mulekeni apite.

Za Apply

Kaimeni kumbuyo kwa anthu muofesi iliyonse, mudzaona kuti ambiri amadina Apply kenako OK. Sakuyenera kutero, chifukwa OK amasunga yekha. Amatero chifukwa pulogalamu ina idawapweteka kale, ndipo sakukhulupiriranso. Musawaseke, koma onetsetsani kuti kudina kawiriko sikuchita ntchito kawiri.

Apply ndi OK wosatseka, basi. Ntchito yake ndi yoti munthu aone zotsatira n'kupitiriza kusintha, monga pokonza malire a pepala kuti lisiti lituluke bwino pa printa, pamene umayesa kangapo usanakhutire. Ngati mu Settings yanu mulibe chinthu chotere, Apply simukumufuna. Musamuike chifukwa choti ena ali naye.

Mukamuika, akhale wotuwa, wosadinika, kufikira chinthu chitasintha, ndipo akamaliza kusunga atuwenso. Kutuwako ndi uthenga: kumamuuza munthu kuti palibe chotsala chosasungidwa. Njira yabwino yodziwira ndi kuyerekeza kope ndi zenizeni, osati kungoimika mbendera yoti china chake chakhudzidwa. Mukatero, munthu akachonga malo kenako n'kuchotsanso chongacho, Apply amatuwanso yekha. Asungenso masamba onse a kabokosi, osati lokhalo limene likuoneka. Achinyamata ambiri amalakwitsa pamenepa, chifukwa poyesa amasintha tsamba limodzi lokha.

Ena amafuna kuti Cancel azibweza ngakhale zimene Apply wasunga kale. Ndikumvetsa chifundo chawo, koma sindigwirizana nawo. Pa Windows zimene Apply wasunga zasungidwa, ndipo anthu adazolowera chomwecho. Komanso pulogalamu ingakhale itasindikiza kale malisiti ndi zosankha zatsopanozo; kuzibweza mobisa kungasiye malisiti osagwirizana ndi zimene zili m'kompyuta. Ngati mukufuna njira yobwerera, ipatseni batani lakelake. Mapulogalamu a KDE, enanso a pa Linux, ali ndi Reset ndi Defaults pa ntchito zoterezi. Langa la Defaults ndimalilola kudzaza fomu yokha ndi zosankha zoyambirira, osasunga, kuti amene walidina mwachidwi athe kuthawira pa Cancel.

Kumanzere kapena kumanja

Mkangano uwu wadya nthawi ya anthu ambiri, ndipo sindiuchedwera. Pa Windows OK amakhala kumanzere kwa Cancel, Apply n'kutsirizira kumanja. Pa Mac, GNOME ndi iPhone, Cancel ali kumanzere ndipo batani lovomera lili kumapeto kumanja. Android idayamba ngati Windows, koma pamafoni idatembenuza ndi mtundu wa 4.0 mu 2011. Tsatirani makina amene pulogalamu yanu ikuyendapo, chifukwa dzanja la munthu limafika pa batani maso asanawerenge. Ogwiritsa ntchito Qt, chida chopangira maonekedwe a mapulogalamu, muli ndi QDialogButtonBox, imene imayala mabatani yokha molingana ndi makinawo. Musamayale ndi manja. Pa webusaiti, kumene kulibe mwini lamulo, sankhani dongosolo limodzi ndipo musalisinthe kuchokera tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Chofunika kuposa mbali ndi chakuti mabataniwo azioneka. Malaputopu ambiri amene ali m'maofesi mwathu, makamaka ogula akale, ali ndi sikirini ya 1366 x 768. Wolemba pulogalamu amakonza kabokosi pa sikirini yake yaikulu, kakafika kwa kalaliki OK wagwera kunsi kwa sikirini, ndipo palibe njira yomufikira. Yesani pa sikirini yaing'ono. Zosankha zikachuluka, ziziyenda zokha m'katimo, mabatani ataima malo amodzi. Tsamba la Settings la Gmail pa kompyuta lili ndi Save Changes kumapeto kwenikweni kwa tsamba lalitali, ndipo ngakhale ndi kampani yaikulu, chimenecho musatengere. Pa foni, batani lisachepere mapointi 44 amene Apple imalangiza kapena 48 dp ya Google (yonseyi ndi miyeso ya kukula pa sikirini), ndipo lofufuta lisagundane ndi losunga.

Enter adine batani lalikulu, limene likuoneka kuti ndi lalikulu, kupatula pamene munthu ali m'malo olembamo mizere ingapo. Batani lowononga lisakhale pansi pa Enter. Munthu akhoza kukhala akutayipa, maso ali pa pepala, kabokosi n'kutulukira mwadzidzidzi.

Pa mawu a pabatani, nenani chimene chichitike. OK ndi wokwanira pa Settings wamba, koma pa funso lenileni lembani ntchitoyo. Kabokosi kofunsa ngati munthu akufuna kuletsa oda, m'munsi muli OK ndi Cancel, kamasokoneza aliyense. Lembani "Letsani oda" ndi "Isiyeni". Mukamalemba mabatani m'Chichewa, monga Sungani, Tsekani kapena Bwezerani zakale, kumbukirani kuti mawu athu ndi ataliko, choncho batani lizitambasuka molingana ndi mawu ake.

"Mukutsimikiza?"

Safunsa adadya phula, inde, koma pulogalamu yofunsa pa chilichonse imaphunzitsa anthu kuyankha asanawerenge. Kalaliki amene amafunsidwa "Mukutsimikiza?" nthawi iliyonse posunga, potseka ndi posindikiza, pakatha sabata chala chake chimadina Yes chokha. Tsiku limene funsolo lidzakhale lokhudza kufufuta zolemba za chaka chonse, chala chomwecho chidzayankha. Ndiye funso muzilisungira zinthu zosabwezeka zokha. Kudina OK mu Settings ndi kutsimikiza kale; musaikenso funso lina pamwamba pake, ndipo musatulutse kabokosi kena kongonena kuti zasungidwa kofunanso OK wake. Kamzere kooneka kwa masekondi ochepa n'kokwanira.

Mukafunsa, funsolo linyamule zinthu zenizeni. Chitsanzo chabwino tili nacho m'matumba mwathu. Potumiza ndalama pa foni, musanaike PIN mumaona kuchuluka kwa ndalama ndi kumene zikupita, ndipo dzina lachilendo likatuluka mumadziwa kuti mwaphonya nambala. Limenelo ndi funso lothandiza, chifukwa likukupatsani chinthu chimene simunachione kale. Chitani chimodzimodzi. M'malo mwa "Mukutsimikiza?", lembani kuti "Mufufuta kalasi ya Fomu 2B pamodzi ndi mayina 54 ndi malipiro awo onse. Sizidzabwereranso." Munthu amene amayesa kuti kalasiyo ndi yopanda kanthu aima akaona 54. Pa zinthu zoopsa kwambiri, dzanja lichedwetseni dala. GitHub, webusaiti yosungirapo code, salola kufufuta repository, nkhokwe ya code ya pulogalamu, kufikira mutalemba dzina lake ndi zala zanu. Koma zimenezi zikhale za apo ndi apo. Mukazichulutsa, anthu adzaphunzira kukopera dzinalo osaganiza.

Ngakhale funso labwino lili ndi malire. Pa 13 Januwale 2018, mafoni a anthu ku Hawaii adalandira uthenga wa boma wonena kuti mzinga ukubwera, athawire kobisala. Udali wabodza, wotumizidwa pa nthawi yoyeserera. Pulogalamuyo idafunsa ngati wotumizayo akutsimikiza, ndipo iye adavomera. Malinga ndi kafukufuku wa FCC, bungwe loyang'anira za mauthenga ku America, iye adanena kuti ankakhulupirira kuti chiwembucho n'chenicheni. Munthu wotsimikiza kale, funso silimuimitsa. Chimene chidakulitsa vuto n'chakuti padalibe uthenga wokonzeratu wobweza, ndipo padatenga mphindi 38 kuti wowongola ufike pa mafoni. Pambuyo pake adaika lamulo loti anthu awiri azivomereza, ndipo adakonzeratu uthenga wobweza. Ine pa nkhaniyi ndimatengapo chachiwiricho: nthawi imene mukadathera pokongoletsa funso, itheni pomanga njira yobwerera.

Njira yobwerera nthawi zambiri ndi yosavuta kuposa mmene timaganizira. Gmail imakupatsani masekondi 5, 10, 20 kapena 30 oti mubweze kalata imene mwatumiza, ndipo palibe matsenga: imangoigwira kalatayo kwa masekondi amenewo isanaitulutse. M'mapulogalamu anga, chinthu chikafufutidwa ndimangochiika chizindikiro choti chabisika, ndipo chimachoka kwenikweni patapita masiku. Pamenepo funso silifunikanso, kamzere konena kuti chafufutidwa kokhala ndi batani lobweza n'kokwanira.

Pali gulu lina la zosankha zimene zingamutsekere munthu panja, moti sangathe ngakhale kufika pa Cancel. Mukasintha kukula kwa chithunzi cha sikirini pa Windows, kompyuta imasintha kenako imafunsa ngati musunge, ndipo mukapanda kuyankha kwa masekondi 15 imabwerera yokha. Chifukwa chake n'chakuti ngati sikirini yada, simungaone batani lililonse, choncho kukhala chete kuyenera kutanthauza ayi. Nzeru imeneyi ndimaiona ikugwiritsidwa ntchito pa sikirini pokha, koma imagwiranso pena. Kusintha chilankhulo cha pulogalamu n'kumodzi: chala chikatsetserekera pa chilankhulo chimene munthu sachiwerenga, abwerera bwanji? Kusintha adiresi ya seva kapena za netiweki uli kutali ndi makinawo n'kwinanso. Sinthani, yambani kuwerenga masekondi, ndipo chivomerezo chikapanda kufika kudzera pa njira yatsopanoyo, bwererani ku yakale.

Zosankha zofuna kuti pulogalamu iyambitsidwenso muzizinena pambali pa chosankhacho munthu asanadine OK, ndipo mumupatse mwayi wochita zimenezo nthawi ina. Mwina ali ndi kasitomala patsogolo pake.

Netiweki ikamakoka miyendo

Zonse ndanenazi zimavutirapo pamene zosankha zikusungidwa pa seva ya kutali. Amene amalemba malangizo ambiri a zimenezi amakhala kumene seva imayankha usanaphethire. Kwathu Save amatha kutenga masekondi 20, mwinanso osayankha n'komwe. Munthu akadina, batani lituwe nthawi yomweyo ndipo lionetse kuti ntchito ikuyenda, apo ayi adina kachiwiri ndi kachitatu. Kabokosi kasatseke seva isanavomere. Ikalephera, nenani kuti sizinasungidwe, siyani zonse zimene walemba m'malo mwake, ndipo batani lidzukenso kuti ayesenso. Konzaninso mbali ya seva kuti pempho lomwelo likafika kawiri lisabale zinthu ziwiri, chifukwa nthawi zina pempho limafika koma yankho n'kusochera pobwerera, munthu n'kuyesanso.

Timaswichi ta pompopompo ndi tonyenga kwambiri pa netiweki yofooka. Kaswichi kamasuntha pa sikirini, munthu n'kuchokapo akuyesa kuti zatheka, pamene seva sinamve kalikonse. Kakalephera, kabwerere pamene kanali ndipo pakhale mawu onena chifukwa chake. Kubwerera mwakachetechete kumachititsa munthu kuganiza kuti chala chake ndicho chaphonya.

Chomaliza ndi cha maofesi amene anthu awiri ali ndi mphamvu yosintha Settings. Wina watsegula kabokosi m'mawa n'kupita kukamwa tiyi. Mnzake pa kompyuta ina wasintha nambala ya akaunti ya kubanki imene imatuluka pa ma invoice. Woyamba uja abwerako, asintha kukula kwa pepala, adina OK, ndipo ngati pulogalamu yanu imatumiza fomu yonse, nambala yakale ya akaunti yabwerera popanda aliyense kudziwa. Tumizani zokhazo zimene zasintha, zimene muzipeza poyerekeza kope ndi mmene zinthu zinalili potsegula. Sunganinso nambala imene imakwera nthawi iliyonse zosankha zikasungidwa. OK akafika nambala yokwerayo ili yotsalira m'mbuyo, ndipo onse awiri akhudza chinthu chimodzi, seva ikane, kabokosi kamuonetse munthu zimene mnzake waika pambali pa zake, asankhe yekha.